Kodi mukanamukanira kumuthandiza munthu uyu?

Aphunzitsi Opuma:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndaponya chithunzi pamwambapo. Musathamangire kukasaka pa intaneti, ingoyang'anani nkhopeyo kaye. Tiyerekeze kuti ndi Lamulungu masana, muli pa mchenga ku Senga Bay, anthu ali yakaliyakali, ana akusambira. Mnyamata uyu wafika, mkono waukoleka pansalu m'khosi, akuti pepani achemwali, ndavulala, tandithandizani pang'ono ndi bwato langa, galimoto ili apo pomwepo. Mungamukanire?

Nachisale:
Ine ayi sindingakane. Munthu wovulala umamukanira bwanji? Komanso akuoneka wakhalidwe, tsitsi lopesa bwino, kumwetulira kwa mwana woleredwa. Ndi m'busa kapena?

Wakabaza wa pa Kamuzu Road:
Akufanana ndi azungu aja amabwera kudzajambula mbuna. Ine bwatolo ndingalisenze ndekha, bola ya Fanta itulukepo kkkk

Mayi a Tadala:
Aphunzitsi akayamba ndi funso chonchi ndiye kuti kutsogolo kuli dzenje. Tinadutsa m'manja mwawo, tikuwadziwa.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi a Tadala simunaiwale. Ameneyu ndi Ted Bundy wa ku America. Atatsala masiku ochepa kuti aphedwe mu Januwale 1989, anavomera kuti anapha akazi 30 m'zigawo 7 za dzikolo pakati pa 1974 ndi 1978, ndipo ena mwa apolisi amene anamufufuza ankakhulupirira kuti ophedwawo anaposa pamenepo.

Za pa gombezi sindinapeke m'mutu. Pa 14 Julayi 1974 anapita ku nyanja ya Sammamish, kufupi ndi mzinda wa Seattle, tsiku limene kunali chinamtindi cha anthu odzacheza. Mkono pansalu, zovala zoyera mbee, akupempha atsikana mmodzimmodzi kuti amuthandize ndi bwato. Angapo anakana. Wina anamutsatira mpaka pa galimoto, ataona kuti palibe bwato anabwerera. Awiri sanabwerere. Woyamba anasowa cha m'masana, wachiwiri patadutsa maola ngati 4, pa gombe lomwelo, anthu ali mbwee. Mafupa awo anapezeka m'tchire mu Seputembala. Ndipo polankhula ndi atsikanawo sankabisa dzina. Ankangoti ndine Ted.

Nachisale:
Mayo ine. Ndiye kuti ine ndikanakhala wachitatu.

Mkulu wa Mpingo:
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makolo ananena kalekale.

Nangozo wa Malamulo:
Ankolo, mwambiwo ndi woona, koma sutiuza kuti mkuyu wa nyererewo tiudziwa bwanji tisanaubenthule. Atsikana aja naonso miyambi yawo anali nayo.

Che Mdala wa ku Ngodzi:
Ine ndifunse mwachidule. Munthu kupha anthu 30, kumatchula ndi dzina lomwe, osagwidwa? Pamenepo panali kanthu m'chiuno. Musandiuze kuti azungu sakhwima.

Aphunzitsi Opuma:
Che Mdala, mankhwala ake anali suti ndi pepala la ku yunivesite. Ndikufotokozereni kumene anachokera.

Anabadwa pa 24 Novembala 1946 mu mzinda wa Burlington ku Vermont, m'nyumba yosungira atsikana otenga mimba asanakwatiwe. Masiku amenewo zinali zochititsa manyazi kwambiri, ndiye ali wakhanda anakulira kwa agogo ake ku Philadelphia, anthu akuuzidwa kuti agogowo ndiwo makolo ake ndipo mayi ake enieni ndi mchemwali wake. Kenako mayiwo anasamuka naye kupita ku Tacoma, nakwatiwa ndi bambo wina wophika pa chipatala, Johnny Bundy. Dzina la Bundy analitenga pamenepo.

Atakula anaphunzira za kaganizidwe ka munthu pa University of Washington, namaliza mu 1972. Anagwirapo ntchito yoyankha foni usiku pa malo othandiza anthu ofuna kudzipha. Analowa ndale, nathandiza pa kampeni ya bwanamkubwa wa chigawo cha Washington, Daniel Evans. Anakhalaponso m'bungwe la mzinda wa Seattle lolangiza za kupewa umbanda. Ndipo mu 1974, pamene atsikana ankasowa, iye anali pa ntchito ku nthambi ya boma yoona za ngozi zadzidzidzi, yomwe inkathandiza nawo kusakasaka atsikana omwewo.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pandipweteka ine. Itachitika ya pa nyanja ija, apolisi anatulutsa chithunzi chojambula pamanja, dzina loti Ted, ndi mtundu wa galimoto, Volkswagen ija timaitcha kamba kapena kachule. Chibwenzi chake chenichenicho, mayi amene ankagona naye nyumba imodzi nthawi zambiri, anaimbira apolisi kuti munthuyu akufanana ndi wanga. Mnzake wa kuntchito anamutchulanso. Mphunzitsi wake wina wa ku yunivesite anamutchulanso. Apolisi ankalandira mafoni ambirimbiri tsiku lililonse, ndiye atayang'ana anati wophunzira malamulo, wopanda mlandu ndi umodzi womwe wa ukulu wake, sangakhale ameneyu. Pepala lake analiika pansi pa ena.

Namwino Wausiku:
Ya foni ija yandigwira. Ndiye kuti pali anthu amene anali ndi chingwe m'manja, iye n'kuwatsitsa ndi mawu okoma, mpaka lero mwina ali moyo. Munthu yemweyo. Ife pa ntchito timakumana ndi abambo amene amabwera ndi mkazi wotupa nkhope, iwo ndi amene akutinyamulira mpando, akutiitana kuti asisi, akufotokoza bwinobwino kuti wagwa m'bafa. Mayiyo ali duu. Munthu wodziwa kulankhula ndi anthu ovutika amadziwanso pomwe munthu ali wofewa.

Mayi a Tadala:
Ine ndakwiya ndi za chibwenzicho. Mzimayi wachita kulimba mtima kukanena mwamuna wake ku polisi, osamumvera. Akanakhala bambo wa tayi akunena zimenezo bwenzi atathamanga.

Aphunzitsi Opuma:
Ndipo sananene kamodzi. Bundy atasamukira ku Salt Lake City kumapeto a 1974 kukaphunzira malamulo pa University of Utah, atsikana anayambanso kusowa kumeneko, ndipo ku Seattle kunati zii. Mayi uja anaona kuti imfa ikutsata kumene wapita mwamuna wake, naimbanso.

Ku Utah anasintha kachitidwe. Pa 8 Novembala 1974, pa malo ogulitsira zinthu a Fashion Place m'tauni ya Murray, anafikira mtsikana wa zaka 18 nati ndine wapolisi, wina amafuna kuthyola galimoto yanu, tiyeni ku ofesi mukapereke sitetimenti. Mtsikana anakwera. Ali m'njira anaona kuti kumene akupita si ku polisi. Bundy anaimitsa galimoto kuti amumange unyolo, koma polimbana maunyolo onse awiri anakola dzanja limodzi, mtsikana n'kutsegula chitseko n'kudziponya kunja. Ameneyu ndiye anadzamuloza pa mzere wa anthu chaka chotsatira. Koma usiku womwewo wa pa 8, Bundy anapita ku sukulu ina kumene kunali sewero, natenga mtsikana wina wa zaka 17. Ameneyo sanabwerere.

Nthawi zina ankavala chikhakha chabodza, nthawi zina ndodo zoyendera, n'kugwetsa mabuku dala kuti wina amutolere.

Wakabaza wa pa Kamuzu Road:
Ndiye anagwidwa bwanji poti apolisi ankamuona ngati bwana?

Aphunzitsi Opuma:
Mwangozi, achimwene. Pa 16 Ogasiti 1975 usiku kwambiri, wapolisi wa pamsewu anaona Volkswagen ikuzungulira m'malo okhala anthu ku Granger, ndipo itaona galimoto ya polisi inathawa. Ataiimitsa anapeza mpando wakutsogolo wa pasenjala wachotsedwa. M'katimo munali maunyolo, chingwe, chitsulo chokanulira zitseko, chipewa chobisa nkhope, ndi majumbo a zinyalala. Iye anafotokoza chilichonse modekha, ndipo poyamba anatulutsidwa. Koma maunyolo aja anakumbutsa wapolisi wina nkhani ya mtsikana wa ku Murray. Mu Malichi 1976 anapezeka wolakwa pa mlandu woba munthu, nalamulidwa kukhala m'ndende chaka chimodzi mpaka 15.

Nangozo wa Malamulo:
Aphunzitsi ndiloleni ndikutsutseni pang'ono, ngakhale munandiphunzitsa Sitandade 7. Mawu oti anali wokopa, wanzeru, ine amandinyansa, chifukwa ndi iye mwini amene ankafuna kuti tizimuona choncho, ndipo patha zaka zonsezi tikumuthandizabe.

Taonani bwino. Sukulu ya malamulo sanaimalize. Anali wakuba wamba, woba m'masitolo ndi magalimoto a eni. Anagwidwa katatu, ndipo katatu konseko anali apolisi olondera pamsewu amene anakayikira galimoto, osati kuti anachita kumutchera ndale zakuya. Ndipo ambiri mwa atsikana aja sanakopedwe ndi kumwetulira kulikonse. Ena anawalowera m'chipinda ali mtulo. Ena anawamenya ndi chitsulo m'mutu atatembenuka. Zimenezo sizifuna nzeru. Chimene anali nacho ndi chakuti anali mzungu wophunzira, wovala bwino, m'dziko limene apolisi akamva za wakupha amaganiza za munthu wa nsanza kapena wakuda. Chinamuteteza ndi maso a anthu, osati ubongo wake.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, sindikutsutsa. Ndikanakupatsa 9 pa 10. Imodzi ndaichotsa chifukwa pa nyanja paja, ndi pa sitolo paja, atsikana anayenda okha ndi miyendo yawo kupita ku galimoto. Chinawayendetsa chinalipo. Kaya tichitche chikoka kaya ayi, iye anadziwa kuti mtsikana woleredwa bwino amaopa kuoneka wamwano kuposa mmene amaopera ngozi.

Nachisale:
Apo mwalasa. Ife tinakula tikuuzidwa kuti wamkulu akakuitana usayankhe uli chiimire, mlendo umulandire katundu. Palibe anatiuzapo kuti nthawi zina ukhoza kunena kuti ayi n'kumapita osapepesa. Mpaka lero ine ndikakana munthu mtima umandipweteka tsiku lonse.

Mnyamata wa ku Chipoka:
Koma tinene zoona, atsikana nawonso amakonda magalimoto. Munthu sukumudziwa ukukwera chifukwa chani? Pano pa Salima ingoimitsani galimoto yoyera pa Kaphatenga muone mmene athamangire.

Mayi a Tadala:
Iwe mwana iwe. Wawerenga zimene alemba aphunzitsi kapena wangodumphira? Wina anamuuza kuti ndine wapolisi. Ena anali mtulo pa bedi lawo. Galimoto yake inali kachule kakale kopanda ndi mpando womwe. Akanati ophedwawo ndi anyamata bwenzi ukufunsa kuti anakwereranji?

Namwino Wausiku:
Ndipo pa Kaphatenga anthu amathamangira galimoto chifukwa minibasi yachedwa ndipo kukuda, osati chifukwa ndi yoyera. Inunso achimwene mumakwera matola osafunsa dzina la dalaivala.

Mnyamata wa ku Chipoka:
Ndangonena maganizo anga amayi, musandidye.

Adimini:
Tiyeni tikambirane mwaulemu. Koma a ku Chipoka, mawu ngati amenewo ndi amene amachititsa kuti mtsikana akapulumuka asakanene. Aphunzitsi pitirizani, mwatisiya ali m'ndende 1976, koma munati anapha mpaka 1978.

Aphunzitsi Opuma:
Eya, anathawa kawiri. Anamutumiza ku Colorado kukayankha mlandu wakupha. Iye anati ndidziimira ndekha, sindifuna loya, ndiye woweruza analola kuti asamamangidwe maunyolo m'khoti. Pa 7 Juni 1977, khoti la ku Aspen litapumira, anapempha kulowa mu laibulale kuti akawerenge za mlandu wake. Anatsegula zenera la m'chipinda cham'mwamba n'kudumpha. Anasochera m'mapiri masiku 6, namugwira akuyendetsa galimoto yakuba mokhotakhota chifukwa cha tulo ndi mwendo wobinya.

Kachiwiri kanali pa 30 Disembala chaka chomwecho, ku ndende ya Glenwood Springs. Anadzionda dala, nabowola siling'i ya selo yake, naunjika mabuku pa bedi n'kufunditsa bulangete. Anatulukira m'nyumba ya woyang'anira ndende amene anali atapita kokayenda ndi mkazi wake, navala zovala za mwini nyumba, n'kutuluka pa khomo. Pamene ankazindikira masana a tsiku lotsatira, iye anali atafika kale ku Chicago. Ndipo akaidi anzake anali atanenapo kuti usiku mukumveka munthu akukwawa m'denga. Palibe anakwera kukaona.

Zotsatira zake ndi zimene sindifuna kufotokoza mozama. Pa 15 Januwale 1978 mbandakucha analowa m'nyumba yogona atsikana a pa Florida State University ku Tallahassee, atanyamula chikuni. M'mphindi zochepa anapha awiri, navulaza koopsa ena awiri, ndipo atatuluka anakavulazanso wina m'nyumba ina chapafupi. Pa 9 Febuluwale anatenga mwana wa zaka 12 pa sukulu ku Lake City. Pa 15 Febuluwale wapolisi wa ku Pensacola anamuimitsa ali m'galimoto yakuba. Volkswagen kachikena.

Che Mdala wa ku Ngodzi:
Mwana wa zaka 12. Ndabweza za mankhwala zija. Apa ndi ulesi wa oyang'anira ndende basi. Akanakwera m'dengamo anthu atatu akanakhala moyo.

Nangozo wa Malamulo:
Za mlandu ndifotokoze ine, aphunzitsi apume amwe madzi. Unazengedwa ku Miami mu 1979 ndipo unaonetsedwa pa TV dziko lonse la America, chinthu chachilendo nthawi imeneyo. Boma linali litamupatsa mwayi woti avomere milandu n'kulandira zaka 75 m'malo mwa imfa. Anafika nazo mpaka m'khoti, n'kukana pomaliza, chifukwa sakanatha kuima pamaso pa anthu n'kunena kuti ndine. Ankadzudzula maloya ake, n'kumafunsa mboni yekha, mpaka kuuza wapolisi kuti afotokoze mwatsatanetsatane mmene anapezera mtembo. Loya aliyense angakuuzeni kuti kumeneko n'kudzikumbira manda.

Chinamumanga ndi mboni imene inamuona akutuluka m'nyumbamo ndi chikuni, komanso zipsera za mano pa thupi la mmodzi wa ophedwawo, zomwe madokotala a mano anati zikugwirizana ndi mano ake okhota. Masiku ano akatswiri ambiri amakayikira umboni wa mano woterewu, ndipo ku America kuli anthu amene anamasulidwa atamangidwa nawo molakwika, koma kwa Bundy nkhani inatha pamene anadzavomera yekha.

Anapezeka wolakwa pa 24 Julayi 1979. Ndiye tamvani zimene ananena woweruza, Edward Cowart, atangomulamula kuti aphedwe. Anamuuza kuti ndiwe mnyamata wanzeru, ukanakhala loya wabwino, ndikanakonda kukuona ukugwira ntchito m'khoti langa, koma unasankha njira ina, udzisamalire. Makolo a ana ophedwa ali ndi makutu. Mukuona zimene ndimanena zija? Ngakhale jaji, atamva zonse, ankaonabe suti.

Mayi a Tadala:
Udzisamalire? Aaa koma abale.

Nangozo wa Malamulo:
Sizinathere pomwepo. Atsikana ankadzaza mabenchi a khoti kudzamuona, ena kumulembera makalata achikondi. Mu 1980, pa mlandu wa mwana uja ku Orlando, anaitana mayi wina amene anagwira naye ntchito kale kuti akhale mboni yomuikira kumbuyo, ndipo ali m'kati momufunsa mafunso anamufunsira ukwati. Mayiyo anavomera. Lamulo la Florida linkati mawu oterewa akanenedwa m'khoti pamaso pa woweruza, ukwati wamangidwa. Ali m'ndende yodikira imfa anabereka naye mwana.

Wakabaza wa pa Kamuzu Road:
Ine ndikupalasa njinga kuyambira 5 koloko, mlandu ndilibe, koma kufunsira amandikana. Wina wapha anthu 30 akukwatira m'khoti. Dziko ili.

Nachisale:
Kkkk pepani achimwene, mwina vuto ndi thukuta. Koma kunena zoona mayi ameneyo ine sindimuseka. Iye ankakhulupirira kuti mwamunayo akumunamizira. Ndi angati pano amene amuna awo anagwidwa ndi mwana wa sukulu, iwo n'kumaima pa bwalo kuti bambo a kwathu sangachite zimenezo, mwanayo ndi wabodza?

Wobwera ku Joni:
Ndinali phee kuwerenga. Mukamakamba za America anthu aziona ngati ndi zakutali. Ku South Africa kunali Moses Sithole. Pakati pa 1994 ndi 1995 anapha akazi m'madera a Atteridgeville, Boksburg ndi Cleveland, kufupi ndi Pretoria ndi Johannesburg. Iye sankanamizira kuvulala. Ankavala bwino, kulankhula mofatsa, n'kunena kuti ali ndi bungwe lolimbana ndi nkhanza kwa ana ndipo akufuna antchito. Mzimayi wosowa ntchito ankavala zovala zake zabwino, kutenga mapepala, n'kumutsatira masanasana kudutsa njira yachidule ya m'tchire kupita ku ofesi imene kunalibe. Mu 1997 khoti linamupeza wolakwa pa kupha anthu 38 ndi kugwiririra 40, ndipo linamupatsa zaka 2,410.

Ameneyu ndiye wa kwathu kuno. Pano munthu sangakunamize ndi bwato, tonse mabwato timawadziwa. Koma anene kuti ku Lilongwe kukufunika mtsikana wa m'nyumba, kapena ku loji ina kukufunika woperekera zakudya, bwera wekha usauze anthu angakulande mwayi. Ndani angakane? Amayi ake enieni ndi amene angamupatse ya thiransipoti.

Namwino Wausiku:
Mawu oti usauze anthu ndiye belu lenilenilo. Ntchito yeniyeni siopa kuti mlongo wako akuperekeze.

Mkulu wa Mpingo:
Ine ndinamva kuti Bundy asanaphedwe analapa, ndipo ananena kuti chinamuononga ndi zithunzi zolaula. Achinyamata a pa gulu pano amve zimenezo, mafoni awa.

Aphunzitsi Opuma:
Ananenadi, akulu a mpingo, pocheza ndi James Dobson, Mkhristu wodziwika pa wailesi ku America, tsiku loti aphedwa mawa lake. Zolaula sindikuziikira kumbuyo. Koma kumbukirani amene akulankhula. Zaka zoposa 10 anakana zonse. Atayandikira mpando wamagetsi wophera olamulidwa imfa ndi pamene anayamba kuvomera, pang'onopang'ono, dzina limodzi lero, malo amodzi mawa, n'cholinga choti apolisi ndi makolo ofuna mafupa a ana awo amupemphere masiku ena. Bwanamkubwa wa Florida anakana. Ndipo Dobson anali munthu wodziwika polimbana ndi zolaula, ndiye Bundy anamupatsa chimene ankafuna kumva, monga ankachitira ndi aliyense. Zoti analapa pamaso pa Mulungu, akudziwa ndi Mulunguyo. Anaphedwa m'mawa wa pa 24 Januwale 1989 ku ndende ya boma ya Florida, ali ndi zaka 42, panja khamu la anthu likukondwera ndi kuphulitsa makombola achisangalalo.

Mnyamata wa ku Chipoka:
Zaka 10 kumudyetsa munthu wotere? Kuno tikanangomaliza tokha tsiku lomwelo, teyala ndi petulo.

Che Mdala wa ku Ngodzi:
Mdzukulu wanga, khala pansi ndikuuze. Ine ndinali kamnyamata pamene ku Blantyre kunkachitika za Chilobwe, kuyambira 1968 mpaka 1970. Anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo. Mantha anafika mpaka kuno kunyanja. Mphekesera inali yoti boma likupopa magazi kutumiza ku South Africa kubweza ngongole, ndiye mlendo aliyense, galimoto iliyonse yachilendo, anthu ankaiona ngati ya opha anthu. Pomaliza mu 1970 anagwira Walla Kawisa, anavomera, naweruzidwa kuti aphedwe, ngakhale ambiri mpaka lero sakhulupirira kuti anali yekha. Ndiye 2017 tinaonanso za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa kuphedwa ndi gulu. Ukaona amene gulu limawotcha, ndi wamisala, wosochera, wosadziwa chilankhulo cha pamalopo. Bundy wako uja gulu silikanamukhudza. Bwenzi ali kutsogolo akukuuzani kuti wakupha wathawira uku.

Nangozo wa Malamulo:
Agogo mwanena zimene ndimafuna kunena. Ndiwonjezere za lamulo, poti ena amaganiza kuti chilango cha imfa chinatha kuno. Chikadalipo m'mabuku, koma Malawi sananyongepo munthu kuchokera mu 1992. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti lalikulu linati si bwino kuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingolandira imfa popanda woweruza kuona mmene zinakhalira. Mu 2021 khoti la apilo linaoneka ngati lathetseratu chilangochi, koma patangopita miyezi yochepa linafotokozanso kuti silinatero. Choncho munthu ngati Bundy kuno akhoza kulamulidwa kuti aphedwe, koma n'kukalambira ku ndende ya Zomba.

Mayi a Tadala:
Kwa wopha mwana wa zaka 12 ine chingwe ndingagule ndi ndalama zanga. Mundikhululukire akulu a mpingo.

Mkulu wa Mpingo:
Ndakumvani mayi. Sindikuyankhani lero.

Namwino Wausiku:
Chinanso chimene sitinachikambe: anapha m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo apolisi a chigawo china sankadziwa zimene anzawo akudziwa. Akawoloka malire amayambiranso ngati munthu watsopano. Ndimadzifunsa za kuno. Mtsikana atasowa ku Chipoka, wina ku Benga, wina ku Dwangwa, onse m'mbali mwa msewu umodzi wa M5, ndani angakhale pansi n'kuona kuti nkhanizi zikufanana? Ife achibale timayamba tadikira masiku, timati wathawira kwa mwamuna, kenako kwa sing'anga, ku polisi n'komalizira. Chonde munthu akasowa kanenenitu tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi mwana imbaninso 116, ndi yaulere.

Nachisale:
Ndiye tizitani, tisiye kuthandiza anthu? Ine ndimadzuka 4 koloko kupita ku gombe kukagula usipa, mdima uli bii, ndipo amene amandithandiza kusenza dengu ndi anthu osawadziwa. Ndikayamba kuopa aliyense bizinesi yatha.

Aphunzitsi Opuma:
Musasiye, achemwali. Muone chimene mtsikana wopulumuka pa nyanja uja anachita: anathandiza mpaka pamene nkhani inasintha. Bwato lili apa lasanduka bwato lili kunyumba, kwerani tipite. Pamenepo anatembenuka. Wovulala weniweni mukamuitanira anyamata awiri kuti amunyamulire amathokoza. Amene akufuna inuyo nokha, ndiponso akufuna muchoke pamene pali anthu, ameneyo muzimusiya ali chiimire. Chimodzimodzi wonena kuti ndine wapolisi koma alibe yunifolomu: muuzeni kuti tsogolani, ndikupezani ku siteshoni ndi mlongo wanga.

Wakabaza wa pa Kamuzu Road:
Ife a kabaza ndiye timaona zambiri, kungoti satifunsa. Timadziwa galimoto imene yaima pa depoti masiku atatu osanyamula munthu, timadziwa amene amadikira ana a sukulu akaweruka. Koma ukanena amati iwe wakabaza ukudziwa chani. Chinthu chikasowa woyamba kumukayikira ndi ife tomwe.

Wobwera ku Joni:
Ku Joni azichemwali ambiri akamakwera galimoto yachilendo amajambula nambala n'kutumiza kwa m'bale, dalaivala akuona. Wabwino sadandaula.

Nachisale:
Nanga njinga ya kabaza tijambula chani, poti ina nambala ilibe? Tizijambula nkhope yanu achimwene?

Wakabaza wa pa Kamuzu Road:
Jambulani, bola mundiuze ndipukute kaye thukuta lija munanena. Koma zoona, Loweruka tili ndi msonkhano pa siteji yathu, ndikakamba zoti aliyense azivala chovala cholemba nambala kumsana, ndipo amene sitikumudziwa asamanyamule anthu usiku pamalo pathu. Vuto ndi la ndalama zosokera, anyamata akamva za chopereka amabalalika.

Mayi a Tadala:
Telala ndili naye, mlamu wanga wa ku msika. Mubwere ndi chiwerengero cha anthu ndikakunenerereni mtengo. Koma ndalama patsogolo, a kabaza ngongole timakudziwani.